Mmene Osberto Anatitalikitsira

"Pang'onopang'ono, bambo, pang'onopang'ono! Msana si chikuni ayi. Msana ndi sayansi!"

Mwamumva? Ameneyo ndiye Osberto Chajón. Mawu ankatulukira m'mphuno ngati munthu wameza wailesi. Nanga kayendedwe! Tandigwirirani chipewachi ndikuonetseni. Chibwano m'mwamba, chonchi. Chifuwa patsogolo ngati tambala amene wamva kuti chaka chino kulibe Khirisimasi. Manja kumbuyo. Phazi alitukule, liyambe laganiza kaye m'malere, kenako litere pansi mwaulemu kuopa kudzidzimutsa mafupa. Mukakumana naye pamsika sankakuyang'anani kumaso ayi. Ankakuzungulirani, kukusuzumirani kumbuyo ngati akugula bulu, n'kupukusa mutu.

"Mmm. Achimwene, fupa lachitatu lija lachoka pamzere. Mukuyenda mwa chisomo chabe."

Osberto yemweyutu! Amene tauni yonse inkamudziwa ali kondakitala, akulendewera pachitseko cha basi ndi dzanja limodzi, linali likuponya madengu a nkhuku padenga. Tsiku lina anangoti watopa n'kukuwa, akupita ku likulu kukaphunzira zowongola misana. Anasowa zaka ziwiri. Pobwera anabwera ndi chikhothi choyera chofika m'mawondo, chigoba cha mafupa apulasitiki chopanda nsagwada, ndi chisatifiketi cha Chingerezi chokhachokha, chithunzi cha msana pakati, chidindo chagolide pansi. Anachiika m'galasi n'kuchipachika m'kachipinda kakumaso kwa nyumba ya apongozi ake, mmene kale ankasungiramo makala. Pakhomo anakhomapo chikwangwani: DOKOTALA OSBERTO, KIROPULAKITIKO.

Inu, tamverani zimene zinachitika ku likuluko, ngakhale ife tinazidziwa madzi atafika kale m'khosi. Sukulu analowadi, ndisamunamizire. Sabata yoyamba bwinobwino. Yachiwiri bwinobwino. Yachitatu mphunzitsi anagoneka munthu pabedi, kumugwira mutu, n'kuupotoza. Khosi linati thyo! Osberto pansi khu! Wakomoka. Anamuthira madzi, anadzuka. Mawa lake thyo, khu! Mkuja thyo, khu! Mpaka mphunzitsi anamuuza kuti, "Mwana iwe, ukutithera madzi, pita kwanu." Munthu wofuna kudya za misana, koma akangomva fupa likulira miyendo imasanduka phala! Miyezi yotsalayo anaithera pa mabasi a mu likulu, akukuwa monga kale, manyazi akumuletsa kubwerera chimanjamanja kwa mkazi wake Marleny.

Tsono vuto nali. Kwathu kuno munthu akapita kowongoletsa msana amafuna amve kulira. Popanda thyo ndiye kuti sunagwire ntchito, wangomusisita ngati mphaka. Osberto anaganiza, anaganiza, mpaka nzeru anaipeza pa siteji ya basi: nyemba zokazinga zija za habasi, zikuluzikulu, zolimba ngati miyala ya mumtsinje. Wodwala amuimike, iye aime kumbuyo, nyemba ili kale m'tsaya. Amukumbatire. "Kokani mpweya, bambo. Tulutsani." Amutukule pang'ono, kwinaku dzino likuluma nyemba pafupi penipeni ndi khutu la munthu. Khotcho!

"Mayo ine! Lalira!"

"Limenelo ndi lachitatu. Linzakelo mudzabwere mawa."

Koma nyemba nazo zili ndi chilungamo chake. Tsiku lina akuwongola Maclovio wometa tsitsi, kamunthu kafupi ngati mtondo, itangotha khotcho panamveka kulira kwina kochokera kumunsi, kotalika, kokhala ndi mchira.

"Adokotala, limenelonso ndi fupa?"

Osberto sanaphethire n'komwe. "Umenewo ndi mpweya woipa umene unatsekeredwa mu msana mwanu. Watulukira mwa ine chifukwa ndakugwirani."

Maclovio anatseka mphuno, misozi ili lengelenge. "Shaa! Ndiye ndinali wodwaladi, eti?"

Komabe odwala ankabwera mmodzimmodzi ngati mano a nkhalamba, chifukwa kuseri kwa nyumba yomweyo kunali apongozi ake, a Doña Fidelina. Mayi amenewa ntchito yawo inali kukazinga zikopa za nkhumba pamsika. Koma munthu akabinya phazi, akagwa pa bulu, kapena msana ukauma, ankathamangira kwa iwowo. Ankamugoneka patebulo lodulira nyama, kumupaka mafuta a nkhumba, kumutukwana pang'ono, kumukanikiza ndi bondo, munthu n'kudzuka akuvina. Manja ngati mafosholo, pakamwa ngati lumo. M'mawa uliwonse ankasuzumira m'kachipinda kaja, mpeni uli m'manja.

"Akamwini, mwadzuka? Nanga anzanu opanda nsagwadawa adya chiyani lero? Poti odwala sindikuwaona."

"Amayi, nthawi ya mafuta a nkhumba inapita. Ife timagwira mwa maphunziro."

"Eya, adokotala. Ine sukulu yanga ndi nkhumba. Koma nkhumbayo ndinaiona m'kati. Inu munaonapo m'kati mwa chiyani?"

Marleny naye ankadabwa. "Iwe Beto, nyemba zonsezi zikupita kuti? Kale unkati n'zakudya za abulu."

"Zimalimbitsa ubongo, mkazi wanga. Madokotala onse ku likulu amatafuna."

Zinthu zikanangoyenda choncho, kugwa osagwa, pakanapanda nyengo ya Lenti, nthawi yoyeza mapewa.

Mukudziwa mmene zimakhalira. Lachisanu Loyera chithatha cha chifanizo cha Ambuye Yesu osenza mtanda chimatuluka m'tchalitchi pa mapewa a amuna makumi anayi, makumi awiri uku makumi awiri uku, ndipo kulemera kwake ndi basi yodzaza ndi katundu padenga. Magulu amalandirana pa mphambano iliyonse. Kuti chisapendekeke, mwamuna aliyense amayezedwa kuchokera pansi kufika paphewa, ofanana msinkhu n'kuikidwa gulu limodzi. Kwathu gulu loyamba, lotulutsa Ambuye pakhomo n'kutsika nawo masitepe dziko lonse likuona, ndi la ataliatali. Gulu la afupiafupi limanyamula kuseri kwa msika, kumene oonerera ake ndi agalu. Ndipo wogwira ndodo yoyezera chaka chimenecho ndinali ine, wochimwa ine.

Ndiye kunali a Don Baudilio Sicán, mkulu wa bungwe la onyamula, mwini sitolo ya misomali ndi malata, mimba ngati ng'oma ya bandi. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu akunyamula m'gulu loyamba, kutsogolo kwenikweni. Anabwera kwathu chozemba kuti ndiwayeze tsiku loyeza lisanafike. Ndinaimika ndodo. Ndinayang'ana. Ndinaimikanso.

"Bwana, mwatsika zala zitatu."

"Ndodo yakoyo yatalika."

"Ndodo ndi yomwe ija, bwana, anasema agogo anu."

"Ndiye pansi pano pali dzenje."

Panalibe dzenje. Unali ukalamba, umene umadya munthu kuyambira pamwamba ngati mbewa pa chimanga. Zala zitatu zinkawachotsa m'gulu loyamba n'kukawaponya pakati penipeni, kwa anthu wamba. Anapita kwa a Doña Fidelina. Mayiwo sanasiye n'kutembenuza zikopa zawo mumphika.

"Ine ndimabweza fupa pamalo pake, a Baudilio, sindibweza zaka. Kanyamuleni ndi a msinkhu wanu. Ambuye ndi omwewo ngakhale kuseri kwa msika."

Osberto anamva zonsezi kudzera pakhoma. Anatuluka ndi kayendedwe kaja, phazi kuganiza kaye m'malere, n'kuwazungulira a Don Baudilio, ulendo wautali ndithu poti mimba inali ija.

"Zala zitatu zokha? Bwana, msana uli ngati akodiyoni. Ukapanikizika timangoukoka."

"Ungathe, mnyamata iwe?"

Osberto analoza chisatifiketi chija. A Don Baudilio anachiyang'anitsitsa, milomo ikugwedera ngati akuwerenga, chonsecho Chingerezi chawo chinathera pa zolembedwa pa mabokosi a misomali.

"Tamvera. Ukandibwezera zala zanga zitatu, misana ya bungwe lonse ndi yako, amuna mazana asanu ndi limodzi. Ndidzalengeza ndekha pakhomo la tchalitchi. Ndipo udzanyamula pambuyo panga penipeni, anthu akuone. Koma ukalephera, chikwangwani chakocho ndidzawotchera chimanga."

Misana mazana asanu ndi limodzi! Osberto anaona kale nyumba yosanja, anaona chigoba chake chitagulidwa nsagwada, anaona apongozi akumupatsa moni atagwira m'mawondo. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mankhwala anayambira pa mtengo wa mapeyala wa pabwalo. Anawakweza pampando a Don Baudilio, anagwira nthambi, mpando n'kuchotsa. Bambo wamkulu, mkulu wa bungwe, ali lende ngati nkhumba ya pa Loweruka. Osberto anagwira miyendo n'kuyamba kukoka.

"Mukumva kutalika, bwana?"

"Ndikumva manja akuthothoka!"

"Ndiko kutalikako. Limbani!"

Anakoka ndi mphamvu zonse za ukondakitala. Chimene chinatalika ndi buluku. Linavuka lonse mpaka m'mapazi, Osberto n'kukagwa nalo chagada m'khola la nkhuku. A Don Baudilio anatsala m'malere ndi kabudula wam'kati wa maluwa achikasu, miyendo ikupalasa mphepo. Apo n'kuti a Doña Fidelina akutulukira ndi beseni pamutu. Anaima. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana pansi.

"Mapeyala a chaka chino akula bwino," anatero, n'kumapita.

Kenako m'kachipinda muja, nthawi ya khotcho. Apa panavutanso, chifukwa manja a Osberto sankakumana kutsogolo kwa mimba ija. Anangogwira pamene anagwira. Nyemba imodzi, khotcho.

"Kamodzi kokha? Zala zitatu zonse zibwere ndi kamodzi? Liza zenizeni, mnyamata, ine si mwana."

Osberto anatembenuka ngati akutsokomola, n'kuponya m'kamwa nyemba zisanu nthawi imodzi. Anakumbatira, anatseka maso, analuma. KHOTCHOROTCHO! Nkhuku panja zinabalalika. Pa zimene zinasweka m'kamwamo, zisanu zinali nyemba, chachisanu ndi chimodzi linali dzino.

"Eeeh! Limenelo ndiye lalikulu! Ndalimva mpaka kuchala chakuphazi!" anakuwa a Don Baudilio. "Nanga ukuliranji?"

"N'chimwemwe, bwana," anatero Osberto, akumeza nyemba, dzino ndi magazi pamodzi. "Ntchito ikayenda chonchi ndimagwidwa chisoni."

Tsaya linatupa ngati wabisamo dzira, koma mwamuna anangosamutsira ntchito ku tsaya linalo. Potsiriza anapereka malangizo, ndipo apa m'pamene panagona njoka.

"Msana watsopano umafuna kuzolowetsa, bwana. Mukakafika pa ndodo, kokani mpweya wonse, mapewa akwere akapereke moni ku makutu, ndipo musapume mpaka ndodo ichoke."

Lamulungu loyeza linafika. Ine ndili pakhonde la tchalitchi ndi ndodo yanga, ndinangoona chinthu chikubwera ngati chameza mpini wa tsache. Nkhope psuu, maso tong'o, khosi lasowa, makutu akhala pa mapewa. A Don Baudilio! Tsono lamulo la ndodo limati woyeza akanikize phewa ndi dzanja kuti likhale pamalo pake. Koma inu, tanenani zoona. Mungakanikize phewa la munthu amene anaimira ana anu onse pa ubatizo? Ine dzanja linanyamuka, linafika pafupi, n'kukathera pokanda mutu wanga.

"Zala zitatu zabwerera, bwana. Gulu loyamba."

Anatulutsa mpweya umene unazimitsa makandulo awiri.

Nkhani inathamanga kuposa basi ya m'mawa. Kuyeza kumatenga masabata awiri, ndiye pofika Lachitatu mtengo wa mapeyala uja unali utabereka amuna. Nthambi iliyonse munthu, nthambi iliyonse munthu, ali lendelende ngati mileme, malamba atamanga kawiri chifukwa ya buluku ija inali itamvekanso. Afupi onse a m'tauni, amene moyo wawo wonse ananyamulira agalu a kuseri kwa msika, anafuna kulawako masitepe. M'kachipinda munkangomveka khotcho, khotcho, ngati mukukazingidwa chimanga. Mayi wogulitsa nyemba pa siteji anayamba kumutcha Osberto mwana wake woyamba.

Onsewo anabwera pa ndodo yanga osapuma. Maclovio anabwera chonyang'ama, maso atatuluka ngati chule woponderezedwa ndi ngolo, ati wakula zala zisanu. Nanga ine ndikanatani? Phewa la wamkulu sindinakanikize, ndiyambire pa wometa? Ndinkangolemba. Ndipo poti tikunena zoona, nanenso ndinakalendewerako Lachinayi masana. Ndinakula zala ziwiri ndi theka. Ndinadziyeza ndekha.

Choopsa n'chakuti Osberto anayamba kukhulupirira. Bodza ukalinena kawiri limakupatsa moni, kachitatu limakutcha achimwene. Ankayang'ana manja ake n'kumadzifunsa kuti kapena mphatso inalimo kale, nyembazo n'zongokometsera. Pa chakudya anayamba kulankhula za kugwetsa khoma kuti kachipinda kakule.

"Khoma la yani?" anafunsa a Doña Fidelina.

"Chitukuko, amayi. Tebulo lanu lija tidzalipezera malo kuseri."

"Chabwino. Nanga Lachisanu inuyo mukanyamulira pati, adokotala?"

"Kutsogolo, dzanja lamanzere. Patsogolo panga a Don Baudilio, pambuyo panga Maclovio, kenako woyeza, kenako ena asanu. Onsewo anthu anga, ochokera m'manja mwangamu. Anapempha okha kuti akhale pafupi ndi dokotala wawo."

Mayiwo anasiya kutafuna. Anamuyang'ana mkamwini wawo kuyambira kuphazi mpaka kumutu, poti Osberto, ndisaiwale kunena, anali wamtali weniweni, wobadwa nawo, ngati mlongoti. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsamwa, mpaka Marleny anawamenya pamsana.

"Mwana wanga," anatero kwa Marleny akupukuta misozi, "Lachisanu popita kumsika usaiwale chitini cha mafuta. Ndipo titenge tebulo lalikulu lija."

"Amayi, Lachisanu Loyera timagulitsa nsomba, mafuta a nkhumba a chiyani?"

"Tenga basi. Phewa limanama pa ndodo, silinama pa katundu."

Osberto anangoti ndi nsanje ya anthu osaphunzira.

Lachisanu Loyera linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Msewu wonse kuchokera pa masitepe a tchalitchi unali utayalidwa utuchi wa mitundumitundu ndi maluwa, ntchito imene mabanja anaigwira chogwada kuyambira dzulo lake. Utsi wa lubani tolo, anthu ngati nyerere, a malipenga akupukuta milomo. Ife onyamula tili mu mikanjo yathu yapepo. Osberto anavala chikhothi chake choyera m'kati mwa mkanjo, kolala ataitulutsa dala kuti ioneke, matumba atadzaza nyemba poyembekeza misana mazana asanu ndi limodzi madzulo ake.

Tinalowa pansi pa chithatha, aliyense pa kapilo kake. Belu linalira. Tonse a mtengo wa mapeyala tinakoka mpweya, mapewa kumakutu. Chinanyamuka! M'tchalitchi pansi m'posalala, tinayenda bwino ndithu, kudendekera uku ndi uku monga mwa mwambo. Osberto chibwano m'mwamba, akuganiza za nyumba yosanja.

Koma inu, munthu angasunge mpweya mpaka liti? Kuchokera kuguwa kufika pakhomo ndi ulendo, ndipo mdipiti suthamanga. Titangofika pakhomo, malipenga n'kuyamba nyimbo yachisoni, a Don Baudilio anati phuuu! Zala zitatu zija zinabwerera kumene zinachokera. Pakati pa phewa lawo ndi kapilo panatseguka mpata woti mphaka n'kudutsa osawerama. Maclovio phuuu! Ine phuuu! Asanu aja phuuu, phuuu, ngati matayala a basi yoponda misomali.

Ine ndinkangoyenda pansi pa mthunzi ngati munthu wousa mvula. Koma nkhope ndinaikwinya ndithu, kubuula ndinkabuula, poti akazi athu ankaonerera. Tonse asanu ndi atatu tinkabuula mwaluso, osanyamula ngakhale nthenga. Maclovio, poona kuti phewa silikufika, anagwira thabwa ndi manja awiri kuti aoneke ngati akuthandiza, mapazi n'kuchoka pansi. M'malo monyamula Ambuye, iye ndi amene ankanyamulidwa.

Ngodya yonse ya amuna asanu ndi anayi, kuwonjezapo wometa mmodzi, inakhala pa phewa limodzi. Ndipo potsika masitepe katundu yense amathamangira kutsogolo.

Sitepe yoyamba. Chibwano cha Osberto chinatsika.

"Bwana," ananong'ona, mano ali gwa, "nyamulaniko."

"Ndikunyamula," anayankha a Don Baudilio, akugwedezera mutu anthu owadziwa.

"Simukukhudza n'komwe!"

"Ndiye kuti msana ukuzolowera. Si unanena wekha?"

Sitepe yachiwiri. Mawondo a Osberto anayamba kuombana ngati zitini. Thukuta linatsika m'chikhothi mpaka m'nsapato.

"Maclovio, tsika! Tsika, galu iwe!"

"Adokotala, pansi patalika!"

Sitepe yachitatu.

THYOOO!

Abale, kulira kumeneko kunaposa malipenga. Woimba ng'oma anaphonya. Nkhunda zinauluka padenga la tchalitchi. Sikunali kwa nyemba ayi, kunali kwa fupa lenileni la munthu wobatizidwa, koyamba m'ntchito yonse ya Dokotala Osberto.

"Lalira!" anakuwa a Don Baudilio mwachizolowezi.

Ndipo Osberto, atamva fupa likulira, anachita chimene ankachita ku likulu. Maso anatembenuzika, miyendo phala, pansi khu! Anagubuduzika masitepe otsalawo n'kukagwera pakati pa utuchi, kufafaniza nkhunda yoyera imene banja lina linaijambula tsiku lathunthu.

Chithatha chinapendekeka. Ambuye ndi mtanda wawo anawerama kutsogolo kumanzere, nkhope kuloza pamene panagona Osberto, ngati akufuna kuona bwino kuti kodi ameneyu ndi uja. Amayi ena anagwada, "Chozizwitsa! Ambuye akuwerama!" Amayi ena anzeru anakuwa, "Chozizwitsa chanji, akugwa! Gwirani!" Amuna a mphanda zochirikizira anathamanga, a gulu lachiwiri analumphira pansi pake, ndipo mwa chifundo chake Mwiniwakeyo sanafike pansi. Ife a mtengo wa mapeyala anatikoka m'makolala mmodzimmodzi n'kutiponya kunja ngati nsabwe. Mdipiti unapitirira ndi anthu a msinkhu woona.

Osberto tinamunyamula pa chitseko, ndipo apo pokha tinanyamuladi. Anali wobiriwira uku, wofiira uku, wachikasu kumutu, ngati chinkhwe. Kupita naye kuti? Pangodya pa msika pomwepo panali a Doña Fidelina, nsomba atazisunthira kale pambali, tebulo lalikulu lili mbee, chitini cha mafuta chili potsegula. Theka la anthu linasiya mdipiti n'kutitsatira, Mulungu atikhululukire.

Marleny anamuthira madzi otsukira nsomba. Anatsegula maso. Anayesa kudzuka, anakuwa ngati nkhumba yaona mpeni.

"Msana! Amayi, msana wanga!"

"Muvuleni," anatero mayiwo.

Tinavula mkanjo. Pokoka chikhothi, thumba linang'ambika. Nyemba zinati waaa patebulo, kugubuduzika, kugwera pansi, mpaka pa nsapato za a Don Baudilio. Maclovio anatola imodzi, anaiyang'ana, anainunkhiza, nkhope ikusintha pang'onopang'ono ngati munthu amene wakumbukira fungo lina lake.

A Doña Fidelina anapinda malaya m'mikono. Anaviika dzanja m'chitini. Analibweretsa pafupi ndi msana, pafupi penipeni. Kenako analibweza, n'kupinda manja pachifuwa.

"Iii, ndinaiwala. Nthawi ya mafuta a nkhumba inapita."

"Amayi, chonde!"

"Ine wosaphunzira ndingagwire bwanji msana wa dokotala? Tandiuzani inuyo, ndi fupa lachingati? Kapena tikupachikeni mu mtengo wa mapeyala?"

"Mnyamata iwe," analowerera a Don Baudilio, nkhope ili yofiira kuposa ya pa ndodo ija, "zala zanga zitatu zapita kuti? Ndachita manyazi pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa makasitomala anga!"

"Beto," anatero Marleny motsitsa, nyemba ili pachikhatho, "ubongo uja unalimba?"

Osberto anayang'ana uku, nkhope. Anayang'ana uku, nkhope. Anayesa kukweza chibwano, msana unamubaya mpaka m'diso. Anayesa mawu a m'mphuno aja.

"Mwa sayansi, zimene zachitikazi timazitcha..."

"Marleny, bweretsa nsomba zija, tebuloli tiligwiritse ntchito," anatero a Doña Fidelina. "Adokotala akadziwongola okha. Wina athamange akatenge chisatifiketi chija tiwawerengere, mwina chikunena pogwira."

"Ayi! Musakatenge!"

"Bwanji?"

Ananong'ona kanthu.

"Kwezani mawu, akamwini. Makutu angawa anatsekeka ndi mafuta a nkhumba."

Pamenepo Osberto anatseka maso, anakoka mpweya, ndipo mawu amene anatuluka sanali a m'mphuno ayi. Anali a kondakitala weniweni, aja omveka kuchokera pa siteji mpaka kumanda.

"Zinali nyemba! Nyemba zokhazokha! Sukulu anandithamangitsa sabata yachitatu! Palibe anakula pano, nonsenu ndinu afupi mmene anakulengerani Mulungu! Ndipo chipepala chija si satifiketi, ndinachimatula pa matiresi m'sitolo! Ndanena, amayi, ndanena, pakani mafutawo!"